Mfuti Yogonamo Ataa Okpoti

M'Teshie monse, dera la asodzi kufupi ndi Accra, Ataa Okpoti, kapena kuti Bambo Okpoti m'chilankhulo chathu, ndiwo anali omaliza kudziwa kuti bokosi lawo la maliro linali litapangidwa kale. Izi zinawawawa kwambiri, pakuti munthuyu anakalamba ndi ntchito yodziwa zinthu ena asanadziwe.

Analiona ali m'trotro, minibasi ya kumeneko, akuchokera kuchipatala kumene dokotala anali atangowauza kuti mtima wawo wabwerera m'malo mwake. Galimotoyo inaima pafupi ndi shopu ya Laryea, mmisiri wa mabokosi, kuti mayi wina atsike ndi beseni lake, ndipo iwo anasuzumira pawindo monga amachitira aliyense. Pakhonde la Laryea sipasowa choona. Pamakhala mabokosi a maliro osemedwa m'maonekedwe osiyanasiyana: nsomba yaikulu yodikira msodzi, tsabola wofiira psuu wodikira mayi wa kumsika, mwina nkhuku yofungatira anapiye ngati womwalirayo anasiya ana ambiri. Koma tsiku limenelo, pakati pa nsomba ndi tsabola, panali mfuti. Inali mfuti ya m'manja, yakuda bii, yotalika ngati benchi la m'tchalitchi, chogwirira chake choyera mbee. M'mbali mwake munalembedwa ndi penti yagolide kuti INSPEKITA ASHONG.

"Inspekita, mwaiona yanu ija?" anafuula kondakitala ali lendelende pakhomo. "Koma inu mudzagona bwino! Ndikanakhala ine, ndikanafa mawa lomwe."

"Iwe, pakamwa pako!" anamudzudzula mayi wina kumbuyo. "Akuluwa sakudziwa."

"Asadziwe bwanji? Chilipo chimene Inspekita Ashong sadziwa?"

Galimoto yonse inafa nacho chikhakhali. Ataa Okpoti anamenya denga ndi ndodo yawo ndi kunena kuti atsikira pomwepo.

Tiyambe takonza chimodzi, chifukwa eni ake anatopa nako kukonza. Ataa Okpoti sanakhalepo Inspekita. Anapuma ntchito ali Sajeni, wapolisi wofufuza milandu wosavala yunifolomu, ndipo zaka zawo zonse sanakhethemulepo mfuti ngakhale kamodzi. Ntchito yawo inali ya matako ndi makutu. Munthu akaphedwa, iwo ankapita kukakhala pamaliro ake, n'kumaona amene akulira mopitirira ndi amene akudya mosameza. Katundu akabedwa kudoko, ankapita kukakhala ndi amayi owamba nsomba, utsi uli m'maso, n'kumamvera za amene wagulira chibwenzi chake nsalu yatsopano. Ankakonda kunena kuti mbava imabisa katundu koma mlamu wake sabisa mawu. Milandu ankaigwira ndithu, ndipo oweruza ankawadziwa.

Tsoka lawo linali Lantei, mtolankhani wa kukhoti, munthu woonda wamakutu aakulu, amene ankawagulira kachasu wa akpeteshie akaweruka, n'kumawafunsa tiziti ndi tiziti. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlomo wa Ataa Okpoti unawatsata ngati timabuku tachikuto chofiira togulitsidwa m'masiteshoni onse, ta wapolisi wotchedwa Inspekita Ashong. Kenaka timabukuto tinakwera pa kanema, ndipo Lachinayi lililonse dziko lonse linkaonera chimunthu chachitali, chandevu za pamlomo, chikuthyola zitseko ndi phazi, mfuti ya chogwirira choyera ili m'manja. Milandu inali yawo yeniyeni, koma munthuyo sanali iwo. Ndiye tsiku lina Lantei anakayankhula pa wailesi, n'kuulula monyadira kuti Ashong ndi munthu weniweni, amakhala ku Teshie, dzina lake ndi Okpoti. Kuyambira pamenepo dzina la Okpoti linangotsala pa khadi la kuchipatala.

Ataa Okpoti anamupeza Laryea atagwada pansi pa chinanazi chachikulu, akuchipala ndi randa, utuchi uli m'tsitsi monse.

"Ataa! Mwachira? Mulungu ngwabwino."

"Icho chili pakhondecho n'chiyani?"

"Mfuti, Ataa."

"Maso ndili nawo. Ndikufunsa kuti ndi ya yani."

Laryea anakanda m'mutu, utuchi n'kuyoyoka. Anafotokoza kuti masiku aja Ataa anagona chikomokere m'chipatala, madokotala anauza mwana wawo Atswei kuti aitane abale. Atswei anabwera kushopu kuno maso ali ofiira, poti bokosi amagula ndi ana, ndipo iye ndiye mwana yekhayo. Ntchito ngati imeneyi si ya sabata imodzi. Laryea anaimika nsomba ya munthu wina amene anali kale mufiriji, n'kugwira mfutiyi mosapuma.

"Tangomaliza kupaka penti, basi tikumva kuti mwadzuka, mukupempha phala," anatero Laryea, ndipo m'mawu mwake munali kakudandaula.

"Pepa kwambiri pokusokonezera ntchito ndi moyo wanga," anatero Ataa Okpoti. "Ichotse pakhonde."

"Ndikaiika kuti? Kuseriku kuli chiswe."

"Iphwasule. Matabwa omwewo upange bokosi la anthu, la ngodya zinayi."

"Ataa, ine ndimamvera amene waitanitsa. Wogonamo sanabwerepo kuno kudzadandaula. Inu ndinu oyamba."

"Ukudziwa kuti chinthu ichi sichingalowe m'tchalitchi?"

"Ndani sadziwa? Pa mabokosi osemawa, abusa amalola la Baibulo lokha. Koma zimenezo anakonza kale a Nii Ablorh, mkulu wa banja lanu. Mwambo wonse udzachitikira pabwalo la mpira, a kanema adzabwera, ndipo mkulu uja amasewera Ashong analonjeza kudzanyamula nawo. Akatero akakuikani kumanda a boma, kumene kulibe wofunsa za maonekedwe a bokosi."

Apa Ataa Okpoti anakhala pansi pa mchira wa nsomba. Zotchedwa Inspekita anazipirira zaka zambiri. Anapirira ana owaloza ndi zala ziwiri n'kumati phaa, phaa. Anapirira amayi obwera pakhomo kudzawapempha kuti awapezere mbuzi yotayika Lachinayi lisanafike. Koma chinthu chimodzi anachisunga mumtima ngati chawochawo. Mkazi wawo Adjorkor anagona m'manda a mpingo, pansi pa mtengo wa nimu, ndipo kumanzere kwake kunali malo amene iwo ankapita kukalambula okha mwezi ndi mwezi. Lamulo la mpingowo linali lodziwika: wosadzera m'tchalitchi sagona m'manda amenewo. Mfuti ikapambana, iwo ndi Adjorkor adzalekanitsidwa ndi msewu waukulu ndi dambo lonse lamchere, mpaka tsiku la lipenga.

Anayamba ndi abusa. Abusawo anawalandira bwino, anawapatsa madzi, anawayamikira kuti ndi mkhristu wosajomba, koma pa nkhani ya mfuti anapukusa mutu. Anati akalola mfuti lero, mawa wina adzabwera ndi botolo la mowa, ndipo adzamukaniza ndi pakamwa pati? Potsanzikana anawagwira dzanja ndi manja awiri n'kuwauza kuti amayi busa saphonya Ashong pa kanema Lachinayi.

Anapita kwa Nii Ablorh, mkulu wa banja lawo, mwana wa bambo awo aakulu. Anamupeza kunyumba ya makolo atakhala pampando, akudya komi, nsima yowawasa ija, ndi nsomba yokazinga, tsabola ali ndondondo pachigongono.

"Okpoti, khala pansi, samba m'manja."

"Sindinabwerere kudya. Ndamva kuti wandikonzera maliro."

"Tinakonza, inde. Ukanafuna tidikire kuti ununkhe?"

"Ndikufuna kukagona pafupi ndi mkazi wanga."

Nii Ablorh ananyambita chala. "Mbale wanga, uli moyo thupilo ndi lako. Likazizira ndi lathu. Unaona kuti mtembo ukuyendetsa maliro ake? Iwe wakhala pamaliro ambiri kuposa tonsefe, tandiuza."

Ataa Okpoti anadziwa kuti zinali zoona. Iwo omwe anakhalapo pamisonkhano ya banja imene inasintha zofuna za akufa popanda wina kuphethira.

"Banja lino labala asodzi okhaokha chiyambire," anapitiriza Nii Ablorh. "Tikamwalira timalowa m'nsomba, anthu amadya, amavina, mawa aiwala. Mulungu watipatsa munthu mmodzi yekha wodziwika mpaka kumpoto kwenikweni ku Tamale, ndiye ukuti timukwirire mwakachetechete ngati mphaka? A banja la kutsidyaku anatiseka pamaliro a amalume. Ulendo uno aona."

"Wodziwikayo si ine! Ndi chimunthu cha m'mutu mwa Lantei!"

"Nanga ife tikaike Lantei? Usakuwe, mtima wakowo ungatifulumizitse tisanasoke nsalu." Anatsuka m'manja mwake pang'onopang'ono. "Koma pofuna kuti usati ndine wouma mtima, tamvera. Bokosi si la banja, ndi la ana. Atswei akabweretsa bokosi wamba, ife sitingakanize mtembo kulowa m'tchalitchi, anthu angatinene. Kalankhule ndi mwana wako."

Njira inali yoonekeratu, koma Ataa Okpoti sanaitsate tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Munthu amene anakhalapo maso ndi maso ndi zigawenga zopha anthu, n'kuzifunsa mpaka kulira, ankachita mantha ndi mwana wake wamkazi. Sikuti Atswei anali wamwano. Anali mayi wamkulu wa sitolo yake ya nsalu kumsika wa Makola, ndipo m'chipatala muja ndiye ankawatembenuza ndi kuwapukuta. Mankhwala sankatha m'nyumba, chakudya chinkafika chotentha. Koma akakhala awiriwiri nkhani zinkatha msanga. Akafunsana za thupi ndi za mvula, basi aliyense ankayang'ana khoma lake.

Choncho m'malo mopita ku Makola anakwera trotro ya ku Adabraka, kukamuthira ukali amene anayambitsa zonsezi.

Lantei anali atakalamba moipa. Anakhala pakhonde atafunda nsalu, maso atachita ng'ala, koma makutu aja anali akadali ntchito.

"Kuponda kumeneko ndi kwa Okpoti," anatero asanapatsidwe moni. "Ndinamva kuti wafa."

"Unamva bwino. Wandipha ndiwe."

Anamufotokozera zonse, ndipo Lantei anaseka mpaka kutsokomola, mpaka misozi.

"Chogwirira choyera? Anakumbukira ndi chogwirira chomwe? Mmisiri ameneyo amawerenga!"

"Upite pa wailesi pomwe paja ukanene kuti unanama. Ukanene kuti Ashong si ine."

"Ndikanena adzati Lantei wakalamba, mutu wazungulira. Anthu anakhulupirira chifukwa anakonda, Okpoti. Chimene munthu wakonda sungamulande ndi chilengezo."

"Nanga unampatsiranji mfuti? Unandionapo ine nditagwira mfuti?"

"Ndani akanagula buku la munthu wamfupi wamimba, wokhala pamaliro a eni ake akudya komi?"

"Komatu umo ndi mmene ndinamugwirira uja anamiza mnzake panyanja! Ndinakhala pamaliro mpaka ndinaona kuti wamasiye sakumuyang'ana kumaso munthu mmodzi yekha."

"Ndikudziwa, ndinalemba. Kungoti ndinawonjezera kuti unalumpha mpanda."

"Ine kulumpha mpanda!"

"Anthu anaombera m'manja." Lantei anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, ndipo kuseka kunatha. "Ukudandaula chiyani kwenikweni? Ine amene ndinamulemba, ana anga andiuza kale kuti adzandiika m'cholembera. Pamaliro anga padzabwera atolankhani okalamba asanu ndi agalu. Iwe dziko lonse likufuna kudzakulira, ndiye ukubwera kuno kudzanditukwana."

"Sakudzalira ine."

"Wakufa amadziwa bwanji kuti misozi iyi ndi ya yani?"

Ataa Okpoti ananyamuka osatsanzika. Ali pageti anamva Lantei akufuula kuti ngati mfutiyo sakuifuna amusungire iyeyo, ndipo anapsa mtima kwambiri pozindikira kuti munthuyo sankanena zoseka.

M'trotro pobwerera anaganiza ngati Sajeni. Anthu onsewa anawauza mawu, ndipo mawu sanagwire ntchito. M'khoti, mawu akakanika umabweretsa umboni woti woweruza aone ndi maso ake. Anaganiza kuti Atswei anaitanitsa chinthucho ali ndi chisoni, mutu usakuyenda bwino. Akadzaona bambo ake enieni, amoyo, atagona m'chidole chimenecho ngati nyama ya m'chitini, manyazi adzamugwira, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Anatumiza uthenga kuti akumane kwa Laryea Loweruka m'mawa.

Atswei anafika pa nthawi yake, atavala nsalu yabuluu, kachikwama kali m'khwapa. Anawagwadira pang'ono monga mwa masiku onse.

"Ataa, mwadzuka bwanji? Mankhwala mwamwa?"

"Ndamwa. Laryea, tsitsa chinthucho, utsegule."

Laryea anayang'ana Atswei, Atswei anagwedeza mutu. Amuna anayi anainyamula mfutiyo n'kuiika pansi m'kati mwa shopu, pakati pa utuchi. Chivundikiro chinali kumtunda kwa mpope, ndipo atachitsegula munaoneka nsalu yoyera yonyezimira ndi kapilo kakang'ono. Kunena zoona inali ntchito yokongola, ndipo zimenezi zinangowonjezera ukali wa Ataa Okpoti. Anavula nsapato, anapatsa Laryea ndodo, n'kuponya mwendo m'katimo.

"Ataa, n'chiyani chimenechi?" anatero Atswei. "Anthu akuona."

"Aone. Si mwaipangira kuti anthu aone?"

"Zimenezo n'zoitana imfa, Ataa," anatero Laryea.

"Inabwera kale, inandibweza."

Anakhala pansi, anatambasula miyendo, n'kudzigwetsa chagada. Pomwepo zinthu zinavuta. Mapazi awo sanafike n'komwe kumapeto, kunatsala malo oti n'kugonekamo mbuzi. Koma mapewa anakana kulowa. Anadzikankha ndi ukali, phewa limodzi linalowa, linalo linatsatira mokakamiza, ndipo anapezeka atapanikizika ngati chivundikiro cha botolo, manja atamatirira m'nthiti, mimba ili tumbu pamwamba. Anayesa kudzuka, osatheka. Anthu anali atayamba kale kuunjikana pakhomo la shopu.

Koma m'malo mochita manyazi, Ataa Okpoti anamva kukoma kumene anali atakuiwala, kukoma kwa mlandu ukamasuka.

"Laryea! Bwera kuno. Bokosi ili unayeza yani?"

"Ataa, inu munali m'chipatala. Sindikanabwera ndi tepi pabedi la wodwala, akanandithamangitsa."

"Ndiye muyeso unautenga kuti?"

Laryea anayang'ana pansi. "Ndinafunsa Anti Atswei. Anati ndinu wamtali, woonda m'chiuno. Anaimika dzanja m'mwamba chonchi."

"Mwamva?" anafuula Ataa Okpoti, akulankhula ndi denga poti khosi silinkatembenuka. "Mwamva nonse? Bokosi ili si langa! Ndi la chimunthu cha pa kanema chija! Atswei, tayandikira. Iwe wanditembenuza pabedi ndi manja ako. Sudziwa msinkhu wa bambo ako?"

Nkhope ya Atswei inaonekera pamwamba pawo. Sinali ya manyazi monga ankayembekezera. Anatembenuka n'kuuza anthu a pakhomo kuti apite, ndipo mawu ake anali oti ngakhale ana anamvera. Laryea anakankha chitseko. Kenaka Atswei anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi mutu wawo.

"Anandifunsa msinkhu wanu, Ataa. Ndinatsinzina kuti ndikuoneni, ndipo ndinaona wamtali. Sindinachite dala."

"Ndiye waona tsopano kuti unalakwitsa."

"Ndili mwana munkachoka ndisanadzuke. Mukabwera patapita masiku, munkanunkha utsi wa nsomba ndi maliro a eni ake, n'kugona. Tikakufunsani kumene munali, munkati za boma sizinenedwa m'nyumba. Tsiku la ukwati wanga munakhala kutsogolo, koma maso anu anali pa nsapato za alendo."

"Inali ntchito."

"Sindikukana. Timabuku tija titatuluka, amayi ankagula kalikonse. Iwo Chingelezi sankawerenga, ndiye Lamulungu tikabwera kutchalitchi ankandikhazika pamkeka n'kunena kuti, werenga timve kumene bambo ako anali. Ndinadziwira m'menemo kuti munagwira anthu oba ana ku siteshoni. Ndinadziwira m'menemo kuti wina anakulasani mpeni pamkono. Chipsera ndinkachiona, koma amene anandiuza ndi Ashong."

Ataa Okpoti anafuna kunena kuti mpeniwo sunali wa chigawenga monga analembera Lantei, unali wa mayi woledzera wogulitsa malalanje. Koma mpweya unali wochepa m'chifuwa, matabwa atawafinya.

"Zitafika pa kanema munali mutapuma ntchito," anapitiriza Atswei. "Tinati tsopano tikhala nawo. Koma Lachinayi likafika munkatenga ndodo n'kutuluka, mukutukwana Lantei. Amayi ankakhala pampando wawo, nyimbo ija ikayamba ankandigwira dzanja n'kunena kuti, khala chete, bambo ako abwera. Ndinali mayi wa ana awiri, koma ndinkakhala chete. Ngakhale mwezi womaliza uja, atalephera kukhala tsonga, tinawasunthira kanema kuchipinda."

"Zinali zabodza, mwana wanga. Theka lake linali bodza."

"Theka linalo munatiuza liti?"

Panja trotro inaliza hutala, kondakitala akuitanira anthu a ku Accra. Ataa Okpoti anayang'ana malata a denga. Anali ndi mayankho ambiri, abwinoabwino, oti woweruza aliyense akanawamvera. Kuti ankawateteza. Kuti munthu sabweretsa mitembo pa mphasa yodyera. Kuti sanagonepo kunja chifukwa cha mkazi wina kapena mowa. Zonsezi zinali zoona, ndipo zinawakwiyitsa kuti panalibe ngakhale chimodzi chimene chikanathandiza. Anasiya zonsezo n'kunena chimene anabwerera, ndipo mawu anatuluka aang'ono.

"Atswei, ndikufuna kukagona pambali pa amayi ako. Ndi chokhacho. Zina zonse chitani mmene mufunira, vinani pabwalo la mpira, itanani a kanema. Koma undigulire bokosi loti lilowe m'tchalitchi."

Atswei anatambasula dzanja n'kuchotsa kautuchi kamene kanagwera pachipumi pa bambo ake, ndipo anachita zimenezi mofatsa, monga ankachitira m'chipatala.

"Pambali pa amayi panali malo zaka zonse zija, Ataa. Bedi linali lalikulu."

Anaimirira, anakonza nsalu yake, anapana kachikwama m'khwapa. Maso ake anali atadzaza misozi koma mawu sananjenjemere.

"Ine ndikufuna kuika bambo amene ndimawadziwa. Amayi akanakhala moyo akanasankha chomwechi, ndipo inu mukudziwa." Anatembenukira kwa mmisiri. "Laryea, muikulitse m'mapewa, muifupikitse kumiyendo. Chogwiriracho musachikhudze."

Anatsegula chitseko n'kutuluka, ndipo kuwala kwa panja kunawathobwa m'maso Ataa Okpoti. Anafuna kumuitana, kumulamula kuti abwerere monga bambo alamulira mwana wake, koma sanadziwe kuti akabwerera amuuza chiyani. Ukali wonse umene anayenda nawo sabata yathunthu, kwa abusa, kwa Nii Ablorh, kwa Lantei, unasowa pogwera, ndipo unangowakhala pachifuwa pamodzi ndi matabwa aja.

Laryea anatsokomola pang'ono. Anachotsa pensulo kukhutu, anatulutsa tepi m'thumba, n'kugwada pambali pa mfutiyo.

"Ataa, tikutulutsani pompano, musadandaule. Koma poti mwagona kale, mundilole. Musagwedezeke."

Sanagwedezeke. Tepi inayenda kuchokera paphewa ili kufika paphewa ilo, yozizira podutsa pakhosi, ndipo Laryea analemba muyesowo ndi pensulo pathabwa, pafupi ndi khutu lawo.